Kaseti Imene Ndinafufuta

Kaseti imene ndikunenayi inali ya woimba wa ku Australia, koma kwathu tonse tinkangoti kaseti ya achimwene. Inafika pamudzi pathu, kumtunda kwa Nsaru, chaka chotsatira chija tinavotera zipani zambiri. Achimwene anga, mwana woyamba wa amayi komanso mwamuna yekhayo m'mimba mwathu, ankagwira ntchito kuminda ya kafukufuku ya m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Ankathandiza mzungu wina amene ntchito yake inali kuyesa mbewu za mtedza, moti anthu ankangomutcha mzungu wa mtedza. Nthawi yake yobwerera kwawo itakwana, mzunguyo anawasiyira achimwene wailesi ya kaseti, kathumba ka mbewu, ndi kaseti imodzi imene ankaimvera m'galimoto tsiku ndi tsiku.

Ine poyamba sindinaimve kukoma. Munthu wake ankaimba ngati wagwidwa chimfine, gitala ikukalipa kumbuyo, ng'oma zikugunda ngati wina akukhoma malata. Nyimbo zosavinika n'komwe. Ndinawafunsa achimwene kuti, "Kodi bamboyu akuimba kapena akudandaula?"

"Zonse ziwiri," anatero. "Iwe sungamve, makutu akowo ndi a kwaya."

Ankati mzungu uja anawauza kuti kwawoko palibe amene sadziwa nyimbo zimenezi. Amaziimba oyendetsa malole, zimamveka paukwati, zimamvekanso poika maliro. Woimbayo ankapeka yekha nyimbo zake, ndipo ankaimba za anthu wamba, za mvula yokana kugwa, za munthu wopita kutali kukagwira ntchito n'kumachita manyazi kubwerera chimanjamanja. "Ukuona?" achimwene ankatero. "Ndi za kuno zomwezi, kungoti iye akuimbira m'mphuno." Papepala la kasetiyo panali chithunzi cha dothi lofiira ndi mpanda wa waya. Amayi atachiyang'anitsitsa anati pamenepo ndi pa Kabudula, mzunguyo asatinamize.

Kasetiyo inasamalidwa kuposa mwana wakhanda. Pofuna kuibweza, achimwene sankalola kuti wailesi idye mabatire pachabe. Ankaitulutsa, kulowetsa bolopeni pabowo n'kumaizunguza m'malere. Mabatire akafooka ankawayanika padenga la nkhokwe. Mawu a mzungu woimbayo akayamba kukoka ngati a munthu woledzera, tinkadziwa kuti dzuwa la tsikulo silinagwire ntchito. Nyimbo imene ankaikonda kwambiri inali yoyamba ya kumbali yachiwiri, yoyenda pang'onopang'ono, gitala yokha ndi mawu. Anaiikira mawu a Chichewa, n'kumaiimba pagitala yawo ya chigubu.

Ntchito ya kuminda ija itatha, anakwatira ku Kabudula n'kukakhala chikamwini, kumalima fodya. Wailesi anapita nayo, ankaipachika m'chigafa posoka ndi posankha fodya. Matenanti a paesiteti yoyandikana nawo, anthu ochokera ku Mulanje ndi ku Phalombe, anaitola nyimbo ija n'kumaiimbira mluzu m'mizere. Inawakhudza, poti nawonso anali kutali ndi kwawo.

Patapita zaka zinayi anawabweretsa achimwene pangolo. Apongozi awo anakhala pansi, kuwomba m'manja n'kunena kuti, "Tabwera naye mwana wanu, adwalire kwa eni ake." Ndi mmene zimakhalira mkamwini akafooka, ndipo amayi sanatsutse. Anali matenda aja amene nthawi imeneyo sitinkawatchula dzina. Amayi anawayalira mkeka pakhonde, wailesi pambali, ndipo pamenepo ndi pamene anakhala miyezi isanu.

Apa ndiyenera kunena zoona, ngakhale zikundichititsa manyazi mpaka lero. Ine ndinali nditangoyamba uphunzitsi pasukulu ya pafupi ndi kwathu, wamkulu ndithu, wophunzira, wodziwa kuti matendawo sapatsirana pogwirana chanza. Koma sindinkatha kuwayang'ana. Munthu amene ankandinyamula paphewa powoloka dambo anali atatsala mafupa ndi maso. Ndikamachokera kusukulu ndinkadzera kuseri kwa nyumba. Madzi ndinkatunga, nkhuni ndinkatola, zofunda ndinkachapa, chilichonse chimene chikanandichotsa pakhonde paja. Ndinali ndi mantha, komanso ndinali nditawakwiyira, ngati kuti akufa mwadala.

Anamwalira m'nyengo yokumba mtedza. Titameta, amalume anagawa katundu monga mwa mwambo. Njinga anatenga okha, jekete ndi nsapato zinapita kwa asuweni, mbale ndi makasu zinatsala kwa alamu ku Kabudula. Wailesi inatsalira amayi chifukwa kachitseko kake kanali kothyoka, komangidwa ndi mphira. Kaseti amalume anaitembenuza uku ndi uku n'kuiponya pamkeka. "Zachizunguzi amve ndani?"

Patatha mwezi, masana ena amayi akusenda mtedza pakhonde, anandiuza kuti ndiwaikire nyimbo ya mwana wawo ija. Ndinaika mbali yachiwiri. Gitala inayamba, mzungu anaimba vesi loyamba, kenako panamveka kha! Nyimbo inaduka. Panabwera kaphokoso ka mphepo, nkhuku ikulira patali, munthu akutsokomola. Kenako mawu: "Amayi."

Anali achimwene. Tsiku lina ife tili kumunda anatseka ndi timapepala timabowo tiwiri ta pamwamba pa kaseti, tija timaletsa kujambula, n'kudzijambula okha pakati pa nyimbo yawo.

Lichero linagwa m'manja mwa amayi. Ine ndinangomva liwu limodzi lomwelo. Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe, zala m'makutu, mpaka nditaona kuti amayi adzuka kukatola mtedza umene unamwazika.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse akachokera kutchalitchi, asanavule n'komwe bulauzi yoyera, amayi ankakhala pakhonde n'kumvera mbali yachiwiri. Ankandiitana. "Bwera udzamve." Ine ndinali ndi makope oti ndichonge, ndinali ndi mutu, ndinali ndi msonkhano wa kwaya. Sindinamvepo, olo kamodzi. Amalume sanakondwe nazo, ndipo akulu ampingo awiri anabwera kudzawalangiza amayi kuti wakufa sasungidwa m'kabokosi, azimusiya agone. Amayi anawalandira bwino, kuwapatsa mipando, kenako anati, "Ine sindikumuitana ayi. Ndikungomumvera. Ali moyo munkandiuza kuti ana tiziwamvera." Akuluakuluwo anamwa thobwa lawo n'kumapita.

Patapita chaka ndi theka wailesi ija inafa. Wokonza wa pa Nsaru anaitsegula n'kunena kuti mkati munadyeka, palibe chogwira. Amayi anakulunga kaseti m'kansalu n'kuiika pansi pa sutikesi yawo, pamodzi ndi kalata ya ubatizo ya achimwene.

Chaka chimenecho ndinasankhidwa kutsogolera kwaya ya pampingo pathu, ndipo tinaitanidwa ku chikondwerero cha makwaya ku Mpingu. Ndinali wonyada, ndivomereze. Ndinkafuna kuti anthu anga adzimve okha mmene akulakwitsira, makamaka abambo amene ankatsitsa nyimbo iliyonse ngati akutsetsereka phiri. Aphunzitsi aakulu anali atangogula chiwailesi chachikulu cha zitseko ziwiri, ndipo anavomera kutibwereka Loweruka masana. Chosowa chinali kaseti. M'magolosale a pa Nsaru zinali zitatha, ndipo za kwaya zakale zinali zitadyedwa kalekale.

Ndiye ndinaganiza mwanzeru. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Ndinati, mawu a achimwene ali kumbali yachiwiri. Mbali yoyamba ndi ya mzungu yekhayekha, ndipo amayi saimvera. Ndijambula kwaya mbali yoyamba, ikatha ndiitulutsa, ndiibwezera m'sutikesi, palibe amene waluza kanthu. Amayi atapita kudimba ndinaitenga.

Tinakumana m'kalasi ya sitandade 7. Ndinaonetsetsa kawiri konse kuti ndaika mbali yoyamba. Ndinadina batani lofiira, n'kutembenukira kwaya, wailesi ili kumbuyo kwanga. Mawailesi onse amene ndinkawadziwa, mbali imodzi ikatha ankalira kuti kha n'kuima, kudikira kuti munthu atembenuze ndi dzanja. Ndinkadikira kha ameneyo. Tinaimba, ndinakalipa, tinabwereza, ndinakalipanso. Dzuwa linasuntha kuchoka pawindo lina kufika pa lina. Kenako mayi wina wa kutsogolo anati, "Aphunzitsi, kaseti yanuyi ndi yaitali bwanji, siikutha?"

Nditacheuka ndinaona kamuvi kobiriwira kakuloza kumanzere, pamene poyamba kankaloza kumanja. Aphunzitsi aakulu anali ataima pakhomo akumwetulira. "Imeneyitu si ya masewera," anatero. "Imadzitembenuza yokha."

Sindikumbuka mmene ndinawabalalitsira anthu. Ndikukumbuka kuti nditatsala ndekha ndinabweza mbali yachiwiri mpaka poyambira n'kudina. Gitala kunalibe. Mzungu kunalibe. Pamalo pamene pankamveka chifuwa cha achimwene panamveka mawu anga, okwera, aukali: "Abambo, mwatsitsanso! Tiyambirenso!" Ndinamvera mpaka kumapeto, ndikuyembekeza kuti mwina patsala kachidutswa. Wailesi ya aphunzitsi aakulu inali yabwinodi, sinasiye kanthu.

Ndinaikulunga m'kansalu kake n'kuibwezera pansi pa sutikesi. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

Bodza limene linayamba tsiku limenelo ndinalilera zaka zambiri, kuposa zimene achimwene anakhala pabanja. Amayi akati ndikabwereke wailesi kwa aphunzitsi aakulu, ndinkati imeneyo imadya makaseti. Akati tigule yathu, ndinkati za masiku ano ndi zosalimba, tidikire yabwino. Nditakwatiwa, amuna anga anabwera ndi wailesi ya kaseti. Ndinaipereka kwa mng'ono wawo mwezi usanathe, iwo n'kumadabwa kuti ufulu umenewu wachokera kuti. Kenako dziko linandithandiza kunama. Makaseti anatha, kunabwera zimbale, kunabwera mafoni, ndipo wailesi ya kaseti inasowa ngati ndalama ya tambala. Amayi ankangoti, "Ukadzaipeza, mwana wanga, usadzaiwale." Ine ndinkati, "Sindidzaiwala, amayi," ndipo pamenepo pokha sindinkanama.

Chimene sindinathe kuchithawa ndi nyimboyo. Inachoka m'zigafa za ku Kabudula n'kulowa m'masiwa. Sindikudziwa anayambitsa ndani, koma amayi a kumpingo anaitenga, kuichedwetsa, kuiikira mawu a ulendo wa kumwamba, ndipo inasanduka nyimbo ya pamaliro. Ndaimva ku Nambuma, ndaimva ku Namitete. Ukafunsa, amakuuza kuti ndi yakalekale, ya makolo. Palibe amene amadziwa kuti inachokera kutsidya kwa nyanja zamchere, m'galimoto ya mzungu wa mtedza. Ine ndikakhala m'nyumba ya siwa anzanga n'kuiyamba, ndinkaimba nawo vesi loyamba bwinobwino. Tikafika paja pankaduka nyimbo, ndinkasiya kuimba n'kuyamba kulira. Anthu ankati ndine wachifundo, ndimalira maliro a aliyense.

Amayi anakalamba, maso anachita khungu, miyendo inayamba kutupa. Dzinja lina, chimanga chitafika m'chiuno, anandiitanitsa. Ndinawapeza pakhonde lomwe lija, atatsamira khoma. Sanazungulire.

"Ine ulendo wayandikira. Ndikufuna ndimumve mwana wanga ndisanapite. Usandiuzenso za mawailesi."

Mlandu suwola. Ndikanayenera kugwada pomwepo n'kuulula, koma mantha a zaka zonsezo anali atazolowera kundiyendetsa. Ndinatenga pepala la kaseti lija, lachithunzi cha dothi lofiira, n'kukwera kabaza kupita pa Nsaru, kwa bambo wina amene amaika nyimbo m'mafoni pakompyuta. Analemba dzina limene linali papepalalo, ndipo chithunzi chomwecho chinatulukira pagalasi, chowala ngati chajambulidwa dzulo. Bamboyo anawerenga zimene zinalembedwa m'munsi n'kunena kuti, "Amayi, chimbale chimenechi kwawoko ndi chachikulu. Akuti oimba ambiri anaphunzirira pomwepa. Inu munachidziwira kuti?" Ndinati ndi nkhani yaitali. Pansi pake panali mawu a anthu ambirimbiri a kumeneko, wina akuti ankamvera ndi malemu bambo ake, wina akuti inaimbidwa poika mkazi wake. Ndinaona kuti si ife tokha amene tinaikamo akufa athu m'nyimbo zimenezi. Kusiyana kwake, iwo sanawafufute.

Sindikudziwa chimene ndinkayembekeza. Mwina ndinkati amayi akamva gitala ija mtima ukhala pansi, kapena agona nyimbo isanafike pakati. Ndinakhala pambali pawo pamkeka, koyamba kukhala pamenepo nyimboyi ikulira, n'kuika foni pakati pathu.

Gitala inayamba, yoyera, yopanda kukoka. Amayi anawongoka. "Ndi yomweyo," anatero. Mzungu anaimba vesi loyamba. Litatsala pang'ono kutha, amayi anapendeketsa mutu, kusendeza khutu kufupi, milomo itatseguka pang'ono. Ndipo nyimbo inangopitirira. Mzunguyo analowa vesi lachiwiri, limene amayi sanalimvepo chimwalirire mwana wawo, n'kumaimba bwinobwino ngati palibe chimene chinachitikapo pamenepo.

Anadikirabe mpaka nyimbo inatha. Kenako anafunsa motsitsa, "Nanga mwana wanga ali kuti?"

Ndinawauza zonse. Za kwaya, za kalasi ya sitandade 7, za wailesi yodzitembenuza yokha, za wailesi ya amuna anga imene ndinapereka. Ndinalira ngati kamwana, ine mayi wa ana anayi, wa imvi m'mutu. Ndinkafuna andikalipire, anditukwane, andithamangitse pakhomo. Iwo ankangosisita bondo lawo lotupa. Mvula inkasonkhana cha ku Kabudula.

"Ndiye kuti iwe sunamve," anatero pamapeto pake. "Mpaka lero sunamve."

"Sindinamve, amayi."

"Bweza."

Ndinabweza. Gitala inayambanso, vesi loyamba linadutsa. Pofika pamalo paja amayi anakweza dzanja, ine n'kuchepetsa mawu a foni. Anatsokomola kawiri, chifuwa chouma chimene sichinali chawo. Kenako anayankhula, ndipo kayankhulidwe kake kanali ka achimwene, kopumira pakati pa mawu, kokoka kumapeto.

"Amayi. Ndine. Mwapita kumunda, ndatsala ndi nkhuku. Mbewu ya mtedza ili m'chitini ija musakazinge, ndi yosagwidwa khate, mudzagawireko mpongozi wanu. Ana anga muzikawaona, ngakhale ali kwa eni. Musalimbane ndi amalume za njinga, asiyeni." Anapuma, monga mmene iwo ayenera kuti anapumira. "Iwe mlongo wanga, ngati ukumva. Ndimakuona ukamadzera kuseri. Mapazi ako ndimawadziwa. Usadandaule, inenso ndikanakhala iwe ndikanadzera komweko. Zofunda ukuchapa bwino, zikumanunkhira sopo. Basi, mabatire akutha."

Anatsitsa dzanja. Mzungu anali akumaliza vesi lake chapansipansi.

Ndinafunsa kuti, "Bwanji simunandiuze zaka zonsezi?"

"Anali mawu ako," anatero amayi. "Sanali anga oti ndikuuze. Ndinkati tsiku lina udzakhala pansi umve wekha."

Anamwalira chimanga chisanakhwime. Pamaliro awo amayi a kumpingo anaimba nyimbo ija, osadziwa kanthu, ndipo ine ndinaimba nawo mpaka kumapeto.

Koma pali chimene chimandibwerera ndikakhala ndekha, kaya ndikupalira kaya ndikuchonga makope. Za mbewu, za ana, za njinga, zimenezo ndikukhulupirira; ndi achimwene enieni, ndi mmene ankaganizira. Koma mbali yanga ija? Amayi anali munthu woti sangaone mwana wawo akulira chonchija osamupezera chofunda. Anali ndi nthawi yokwanira, pamene ndinkaulula paja, yoti aganize chimene ndinkafunika kumva. Amalume anapita, akulu ampingo aja anapita, ndipo palibe wina amene anamverapo mbali yachiwiri mpaka kumapeto. Mwina achimwene anandikhululukiradi ali pamkeka paja. Mwina anangonena za mtedza ndi njinga, osanditchula n'komwe. Panali malo amodzi okha padziko pano pamene ndikanapeza yankho, ndipo pamenepo pali mawu anga, akukalipira abambo a kwaya kuti ayambirenso.